Ndine Ndinatseka Chitseko cha Juni

Thoko ndi Madalo, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndimadzuka mbandakucha n'kumayendayenda m'nyumba ngati munthu wotaya makiyi, chikhalirecho ntchito ndinapuma kalekale. Mayi anu akuti kapeti ya m'kolido ndaimaliza ndine. Ndiye ndati ndilembe, mwina miyendo ingakhale pansi. Chichewa chikakukanikani mukapemphe amalume anu a ku Mississauga akuwerengereni. Kumasulira m'Chingerezi sindichita, poti nkhaniyi ndakhala ndikuidandaula m'Chichewa zaka zonsezi.

Ntchito yoyamba, ndisanakwatire

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda wa nyama, kunkhalango ina ya m'chigawo chapakati kwathu ku Malawi. Anzanu akusukulu munkawauza kuti bambo anu anakulira limodzi ndi njovu. Linali bodza, koma ndinkalisiya dala chifukwa linkandikomera. Zoona zake n'zakuti ntchito yathu inali kuthamangitsa njovu m'minda ya anthu, ndipo nthawi zambiri othamangitsidwa tinkakhala ife. Pakampu tinalipo anayi, mfuti imodzi, nsapato zomatamata. Zipolopolo zikatha tinkamenya zitini ndi migolo. Bwana wathu anali a Kaliwo, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakonda kunena kuti, "Njovu sukambirana nayo, iwe. Umaionetsa njira, ikakana umaionetsa msana." Ine njovu ndinkaiopa kwambiri, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko sindinaikhudzepo ndi dzanja.

Pa nthawi imeneyo chimene sindiiwala ndi mayi wina amene njovu zinamudyera chimanga chonse chitatsala pang'ono kukhwima. Tinafika pamundapo dzuwa litakwera, iye atakhala pamzere, mapesi ali mbwee paliponse. Sanalire. Anangoyang'ana yunifolomu yanga n'kunena kuti, "Achimwene, njovu zimenezi ndi za yani? Ngati ndi zanu, kazimangireni kwanu. Ngati ndi zanga, ndipatseni mfutiyo." A Kaliwo anayankha kuti ndi za boma. Mayiyo anati ndiye boma libwere lidzalime.

Zaka zoyamba ku Canada

Kuno tinabwera chifukwa cha mayi anu, osati ine. Iwo ndi amene anali ndi pepala la unamwino, ndipo anapeza ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinangotsatira ndi masutikesi, Thoko ali wa m'manja. Ndinayamba ndi kunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndege zinkadutsa pamutu tsiku lonse, ndipo iliyonse ndinkaiyang'ana ngati yapita ndi malo anga. Titasamukira ku Oshawa, kumene nyumba zinali zotsikirako mtengo, ndinaona m'nyuzipepala kuti zuu ina, malo oonetserako anthu nyama zakutchire, ikufuna munthu wokolopa makola a nyama. Zuu imeneyo inali ya khonsolo ya tauni ina yaing'ono kunja kwa Toronto. Dzina lake ndilisiya, anthu ake ambiri akadali moyo ndipo ena timakumana m'sitolo.

Amene anandifunsa mafunso anali a Godoni, mkulu wa osamalira njovu, mzungu wamtali wa ndevu zofiira amene anayamba ntchitoyo asanamere ndevuzo. Ataona pakalata yanga kuti ndinagwirapo ntchito kunkhalango, maso anawala. "Ndiye njovu umazidziwa!" anatero. Ndinati, "Bwana, ndimadziwa liwiro lake." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa fosholo ndi wilibala tsiku lomwelo. Anandiletsa kuwatchula kuti bwana, koma lilime linakana mpaka lero. Dzina langa la Lameki analidula n'kukhala Lamu, ndipo zuu yonse inkandidziwa choncho.

Zaka za Mebo ndi Juni

Njovu zinalipo ziwiri, zonse zazikazi, Mebo ndi Juni. Ndiziwatchula ngati anthu, mundikhululukire, sindingathe mwina. Onse anatengedwa ku Africa ali ana, ndipo pamene ine ndinkafika anali atakhala limodzi zaka zambiri kuposa zimene ine ndi mayi anu tinali titakhala m'banja. Mebo anali wamkulu komanso waukali. Juni anali wamantha, wadyera, ndiponso wakuba. Magolovesi anga, chipewa, paipi ya madzi, chilichonse chosiyidwa pamene chitamba chake chingafike chinali chake. Ndinatha zaka ziwiri ndikungotuta ndowe, a Godoni asanandilole kugwira phazi la njovu. Mapazi ndiwo anali ntchito yeniyeni. Njovu ya m'khola siyenda mokwanira, ndiye zikhadabo zimakula n'kung'ambika, kunsi kwa phazi kumachita zilonda. M'mawa uliwonse Juni ankatulutsa phazi pa kawindo ka mpanda, ine n'kulitsuka ndi madzi ofunda amchere, kupala zikhadabo ndi tupa, uku iye akundipisa m'thumba kufuna mbatata. Tsiku loyamba sindiliiwala. Phazilo linali lofunda, lofewa kunsi ngati chikhatho cha munthu wonenepa, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira migolo imene ndinkamenyera abale ake.

Vuto lalikulu linali chisanu. Sinowo ikayamba kugwa njovu singakhale panja nthawi yaitali. Makutu amapsa ndi kuzizira, ndipo ikaterereka pa madzi oundana ndiye kwatha. Miyezi yonse yozizira ankakhala m'khola la simenti, kutuluka pang'ono masana dzuwa likaoneka. Tinkapempha mphira woyala pansi, yankho linkakhala lakuti chaka chamawa. Chimene tinakwanitsa chinali milu ya mchenga, aliyense wake pakona pake, woti azitsamira pogona kuti podzuka asavutike. A Godoni anandiphunzitsa kuwerenga mchenga umenewo. Madzulo poweruka tinkausalaza ndi reki, ndipo m'mawa chinthu choyamba chinali kukauona. Njovu ikagona pansi imasiya chithunzi chake chonse: nthiti, khutu, makwinya a khungu, ngakhale pamene panali mnyanga. "Lamu," ankatero a Godoni, "njovu sinena kuti ndadwala. Umene umanena ndi mchenga."

Mebo anamwalira m'nyengo yozizira, chaka chimene Madalo anayamba sekondale. Anagona pansi n'kulephera kudzuka. Tinayesa zingwe, tinayesa makina onyamulira, dokotala wa zinyama anachita zonse zimene akanatha, koma njovu ikakhalitsa pansi limaipha ndi thupi lake lomwe. Juni anaona zonsezo ali kuseri kwa mpanda. Kuyambira sabata imeneyo mchenga wake unaleka kunena kanthu. M'mawa uliwonse ndinkapeza mizere ya reki ili momwe ndinaisiyira dzulo. Ankagona choimirira, atatsamira khoma, mpaka khomalo linada n'kusalala pamene pankakhudza phewa lake. Ndinalemba m'buku la ntchito, ndinauza a Godoni ndi dokotala. Anati tidikire, mwina ndi chisoni chabe. Tinadikiradi, ndipo zinadutsa nyengo zozizira ziwiri Juni osagonapo pansi.

Chaka cha zikwangwani

Njovu siyenera kukhala yokha, zimenezo ngakhale ana obwera kudzaona nyama ankazinena. Posakhalitsa anthu a gulu lina lomenyera ufulu wa nyama anayamba kuima pageti Loweruka lililonse ndi zikwangwani. Ankafuna kuti Juni apite kumalo ena kum'mwera, kutsidya la malire, kumene amasungirako njovu zokalamba zochokera m'mazuu. Kumeneko kuli mapiri, udzu, dzuwa pafupifupi chaka chonse, ndipo kulibe anthu oonera. Koma ulendo wake unali wa masiku angapo pa thiraki, njovu ili chiimire m'bokosi lachitsulo. A Godoni ndi anzanga onse ankakana kwamtuwagalu. Ankati Juni ndi wokalamba, miyendo yake ndi yotupa, afera panjira. Ankatinso odziwa njovu ndi ife amene timaigwira mapazi, osati anthu amene amaiona pa foni. Akuluakulu a zuu ankanena zobweretsa njovu ina kuti akhale awiri, koma zinkathera m'mitingi. Makhansala, amene mphamvu zonse zinali m'manja mwawo, ankayang'ana kumene kukuwombera mphepo ya mavoti. Kwathu amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Kuno omenyana anali anthu, ndipo udzu unali njovu.

Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti mbali zonse zinkafuna ine, osati chifukwa cha zaka zimene ndinagwada pamapazi a Juni, koma chifukwa cha khungu langa. Mtsogoleri wa azikwangwani anali mayi Heleni, mphunzitsi wopuma ntchito, wa tsitsi loyera, amene ankaima pachisanu maola ambiri osadandaula. Tsiku lina anandipeza pamalo okwerera basi. "Inu ndinu wa ku Africa," anatero, "mukudziwa kuti njovu ndi ya m'tchire, yaufulu. Tiyankhulireni." Mtima unandiwira. Ndinati, "Mayi, kumene ndinachokera njovu yaufulu inadya chimanga cha mayi wina, ana ake n'kugona ndi njala chaka chonse. Ndipo Juni Africa amaikumbukira ngati mmene mwana wanga amaikumbukirira, ndiye kuti saikumbukira n'komwe. Musandiike pachikwangwani." Sanakwiye. Anangondifunsa modekha kuti, "Chabwino. Nanga iyeyo ali bwino?" Basi inafika, ndinakwera, ndipo ndinapitirira siteji yanga ndikuganiza funso limenelo.

Khonsolo itaitanitsa msonkhano woti anthu akanene maganizo awo, a Godoni anandiitanira mu ofesi mwawo. "Lamu, ukayankhule ndiwe. Ine amandiona ngati nkhalamba yokakamira ntchito. Iwe akumvera." Ndinafunsa kuti, "Nanga akandifunsa za mchenga?" Anapotokola ndevu. "Palibe khansala amene amadziwa kuti njovu imagona pansi. Ukanene za ulendo, ukanene za miyendo yake. Zimenezo ndi zoona, si choncho?" Zinali zoona. Munthu ameneyu sanali wabodza, ana anga, ndipo mkazi wake ankanena yekha kuti m'banja mwawo mayi wamkulu ndi Juni. Ankaopa kumutaya, ndipo nanenso ndinkaopa. Tinkadziwanso kuti Juni akachoka, ntchito ya njovu yatha, ndipo ena mwa ife apita kunyumba.

Lamlungu lake, pochokera kutchalitchi, ndinauza mayi anu m'galimoto. Mwina mukukumbukira, munali kumbuyo nonse, ndipo Thoko ananena m'Chingerezi kuti ndingokana basi, ngati kukana bwana ndi kutseka wailesi. Mayi anu anati, "Bambo a Thoko, ine pa shifiti iliyonse ndimaziona zimenezi. Ana amadisaida, adokotala amasaina, agogo amangopezeka asamutsidwa. Ena amakafa sabata yomweyo, ena amakanenepa. Palibe amadziwiratu." Ndinati ndiye ndichite chiyani. Iwo anati, "Kudisaida si kwanu, musadzikweze. Koma wosintha bedi ndi amene amadziwa ngati munthu wagona. Akakufunsani, mukanene zimene mumaona. Mukabisa, inu ndimakudziwani, mudzatisowetsa mtendere m'nyumba." Ndinawauza kuti akuyankhula ngati munthu amene sanadyepo mbale imodzi ndi anzake akuntchito.

Tsiku la msonkhano

Holo inadzaza. Azikwangwani anakhala mbali imodzi, ife a zuu mbali inayo, pakati pali mpata ngati ukwati wa mabanja odana. Anayankhula maloya, aphunzitsi, ana asukulu, dokotala wa mbali ino ndi dokotala wa mbali iyo, aliyense wotsimikiza ngati Juni anamuuza yekha. Itafika nthawi yanga ndinaima nditavala suti, n'kunena zimene tinagwirizana. Ndinafotokoza za miyendo yotupa, za masiku oima m'bokosi, za njovu yokalamba kukayamba moyo watsopano pakati pa njovu zosaidziwa. Ndinayankhula bwino, musakayike. Anzanga anaomba m'manja, ndipo a Godoni anandigwedezera mutu.

Ndikutolera mapepala anga, khansala wina amene anali asanatsegule pakamwa tsiku lonse anakweza dzanja. Anali bambo wachikulire wovala jekete lakale, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anali mlimi wa ng'ombe zamkaka. "Bambo," anatero, "ine za njovu sindidziwa. Koma ng'ombe yanga ikaleka kugona pansi ndimadziwa kuti khola langa lalakwika penapake. Njovu yanuyi imagona pansi?" A Godoni anali atawerengera maloya ndi aphunzitsi. Anaiwala kuti m'khonsolo ya tauni yozunguliridwa ndi minda mumakhalanso alimi.

Njira zothawira zinalipo, ndipo zonse zinandidutsa m'mutu. Ndikanatha kunena kuti funsolo ndi la dokotala. Ndikanatha kunena kuti njovu zina zimakonda kugona choimirira, zomwe si bodza. Ndinayang'ana kwa a Godoni, iwo anali atayang'ana nsapato zawo. Ndinati, "Ayi, bwana. Chimwalirire mnzake sanagonepo pansi. Padutsa nyengo zozizira ziwiri." Holo yonse inasokonekera. Ndinakweza mawu kuti ndiwonjezere kuti zimenezi zikutanthauzanso kuti ndi wotopa, kuti ulendowo ungamuphe, koma palibe anamva. Anthu a mayi Heleni anali ataimirira akuomba m'manja, ndipo kuomba kumeneko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa. Sindinali wawo, ndipo kuyambira mphindi imeneyo sindinalinso wa anzanga.

Patapita milungu ingapo makhansala anavota kuti Juni apite. Sindinganene kuti ndi mawu anga okha amene anachititsa, koma kuzuu palibe amene ankakayika. Ndikalowa m'chipinda chodyera, nkhani inkatha. A Godoni anandipeza poimika magalimoto, nkhope itafiira kuposa ndevu. "Ndinakuphunzitsa mchenga ndine," anatero. Ndinati, "Inde, bwana." Anati, "Ndiye bokosi lawolo umulowetsamo wekha." Anapempha kuti awasinthire ku ntchito ina m'zuu momwemo, ndipo kukhola la njovu sanabwerenso.

Miyezi ya bokosi

Bokosi linafika sinowo itasungunuka, ndipo analiika pakhomo la khola kuti Juni azolowere kuliona. Muyenera kumvetsa kuti njovu siikankhika. Kapena ilowe yokha, kapena muikoke ndi matcheni mutaibaya mankhwala, ndipo pa msinkhu wa Juni njira yachiwiriyo inali yofanana ndi kumukumbira manda. Anthu a kum'mwera anatumiza akatswiri awo, koma Juni akawaona ankabwerera chammbuyo mpaka kukhoma. Amene akanamulowetsa anali munthu amene amamukhulupirira, ndipo wotsala ndinali ine ndekha. Anzanga anaona mpata pamenepo. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndisafulumire. Chisanu chikabwerera ulendo uimitsidwa, ndipo chaka chamawa kuli masankho, makhansala atsopano akhoza kusintha zonse. "Sitikuti uname," anatero. "Ungokhala waulesi pang'ono."

Apa ndivomere chimene sindinauzepo ngakhale mayi anu. Milungu iwiri ndinachitadi ulesi dala. Ndinkaika mbatata kutali ndi bokosi, ndinkafupikitsa maphunziro, n'kulemba m'buku kuti Juni sakufuna. Ndinkafuna kuti anzanga ayambenso kundipatsa moni, ndipo ndinkafuna Juni akhale wanga chaka china. Koma m'mawa wina ndinamupeza ali ndi bala pachipumi ndi lina pabondo, magazi atauma. Tulo tinali titamugwira ali chiimire, miyendo n'kupinda, n'kugwa chogwada. Mwamwayi anadzuka yekha. Ndinamutsuka mabalawo ndikutukwana, ndipo amene ndinkamutukwana ndinali ine ndemwe. Nyengo yozizira ina pa simenti ija sakanaimaliza, pamene ulendo mwina akanaumaliza. Mwina. Ndinalibe china choposa mwina ameneyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagwira ntchito ndi mtima wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yoyamba analowetsa chitamba chokha, kenako phazi limodzi, kenako awiri akutsogolo. Ine ndinkaima kutsogolo kwa bokosi, pa kawindo, n'kumamuyankhula m'Chichewa, chifukwa ndi mmene ndinkayankhulira naye zaka zonse tikakhala awiri. Atayamba kulowa thupi lonse, tinayamba za chitseko chakumbuyo. Lamulo lake ndi limodzi: ukatseka, tsegulanso asanachite mantha. Poyamba ndinkatseka n'kutsegula nthawi yomweyo. Kenako mphindi imodzi, kenako zisanu, mpaka ola lathunthu iye akudya udzu mosatekeseka. Nthawi zonse ndikamatseka ndinkati, "Ndili pompano, mayi, nditsegula." Miyezi inayi ndinamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, choti chitseko chimene Lameki watseka, Lameki amatsegula.

Tsiku lonyamuka linali m'mawa wozizira, masamba atayamba kuyoyoka. Juni analowa yekha, osakayika ngakhale pang'ono, n'kuyamba kundipisa m'thumba. Ndinanena mawu anga a masiku onse, ndipo ndinatseka. Kireni itayamba kunyamula bokosi, analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo chimwalirire Mebo. Ataliika pa thiraki ndinakwera kuti ndimutonthoze. Anatulutsa chitamba pa kawindo n'kundigwira pamkono, osati mwaukali, koma mmene mwana amagwirira siketi ya mayi ake pachipatala. Ankadikira kuti nditsegule. Woyendetsa anati nthawi yakwana, ndipo ndinachita kumumasula chitambacho ndi dzanja linalo, pang'onopang'ono, iye akugwiranso.

Ndikutsika ndinaona a Godoni. Anali atabwera ndi tupa yawo yakale, n'kuipereka kwa mtsikana amene ankatsogolera ulendowo, akumufotokozera za chikhadabo cha phazi lakumanzere chimene chimang'ambika msanga. Ine sanandiyang'ane. Anthu a kum'mwera anali atandisungira mpando kuti ndipite nawo, koma ndinakana. Ndinawauza kuti mayi anu ali pa shifiti, ana alibe owayang'anira. Linali bodza, inu munali akuluakulu. Ndinkaopa kuti akafera panjira ndiona ndi maso anga. Chimene ndinachita ndi kuperekeza, monga timachitira ndi mlendo kwathu. Ndinatsatira thirakiyo pa galimoto yanga mpaka polowera mseu waukulu, ndipo pamenepo ndinaima pambali n'kuiyang'ana mpaka inasowa pakati pa mathiraki ena. Masiku onse a ulendowo sindinathe kudya. Foni itabwera yakuti wafika wamoyo ndipo watsika ndi miyendo yake, ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira, mayi anu akundiona.

Chaka chachiwiri nditapuma ntchito

Zaka zanga zomaliza kuzuu ndinazithera kwa mbuzi ndi abulu, kumene ana amabwera kudzadyetsa nyama ndi manja. Anzanga awiri ntchito inawathera, ndipo mmodzi mpaka lero akandiona amawoloka mseu. A Godoni anapuma ine ndisanapume, osandiyankhulapo liwu. Anthu a kum'mwera ankandilembera chaka chilichonse kuti ndikamuone Juni, ine n'kumapeza zifukwa. Mayi anu ndi amene anatopa nane. Anagula matikiti osandiuza, n'kuwaika pambali pa kapu yanga ya tiyi.

Kumaloko anatilandira ndi mtsikana uja wa paulendo, n'kutikweza pa kagalimoto kopanda zitseko. Panjira anatiuza kuti miyezi yoyamba inali yovuta. Juni ankaima pageti la khola lake osadya, moti anawonda. Kenako anagwirizana ndi njovu ina yokalamba, ndipo patapita nthawi anayamba kugona pansi, pamalo otsetsereka, mnzakeyo ataimirira pambali pake. Miyendo ikuwawabe, anatero, ukalamba sachiza. Tinaima pampanda wina, iye n'kuloza kutsidya la kachigwa. Poyamba sindinamuzindikire. Juni wanga anali wotuwa ngati simenti, koma uyu anali wofiira ndi dothi, akuthyola nthambi ya mtengo, mnzake ali patsogolo pang'ono.

Ndinaitana mmene ndinkaitanira m'mawa uliwonse kwa zaka zonse zija. Anasiya nthambi. Anatukula mutu, makutu anatambasuka, chitamba chinakwera m'mwamba kununkhiza mphepo. Anaima choncho nthawi yaitali, akuyang'ana kumene ndinali, ndipo ine ndinali nditagwira waya wa mpanda mpaka zala kuwawa. Kenako anatembenuka n'kutsatira mnzake kukwera phiri. Ndinaitananso. Ndinaitana kachitatu, koma sanacheuke. Mayi anu anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Basi, bambo a Thoko. Wakumvani." Mtsikanayo anati tidikire, mwina atsika masana kudzamwa madzi. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sanatsike.

Zinandipweteka, sindibisa. Sindikudziwa ngati anali asanandikhululukire za chitseko chija, kapena anangokhala ndi kwina kopita. Tikubwerera kugalimoto ndinatulutsa foni n'kuimba nambala imene ndinali ndisanaiimbe zaka zambiri. Inaitana nthawi yaitali a Godoni asanayankhe.

"Bwana, ndine Lamu. Ndili kwa Juni."

Kenako anafunsa kuti, "Mapazi?"

"Ndawaonera patali. Akukwera nawo phiri."

"Wamuitana?"

"Ndamuitana katatu."

"Wabwera?"

"Ayi, bwana. Sanabwere."

Ndinamva akumina. "Kuzuu kwathu kuja akanabwera," anatero. "Analibe wina woti apiteko." Atatero anadula foni.